Za Phale la Madzi ndi Mbalame za m'Chire

Ndifuna kuceza nanu za kanthu kamene ambiri adzakayesa kacabe, ndiko kusunga mbalame za m'chire pa khomo popanda khola ndi popanda cingwe. Kuno kwathu kwa Inkosi Zulu, m'boma la Mchinji limene kale linkachedwa Fort Manning, mwezi wa Okutobala ndiwo mwezi wa ludzu. Madambo auma, lupsa ladutsa, timitsinje tambiri tasanduka mcenga, ndipo munthu akakweza maso m'mtengo dzuwa liri pa liombo aona timbalame titayasama kukamwa, mapiko ali lende, tikupuma wefuwefu. Mbalame siituruka thukuta monga ife. Ikapsa ndi dzuwa iyasamula kukamwa kuti kutentha kuturukire pamenepo, ndipo potero itaya madzi a m'thupi mwace. Pa nyengo yotere munthu amene aika madzi poyera ndiye mwini mbalame zonse za m'dera lace.

Zaka zapitapo ndithu ciyambire ine kucita zimenezi kuseri kwa nyumba yanga, ndipo funso limene anansi andifunsa sirisintha. Ati, "Kodi agogo, cimanga cakuculukirani kuti muzidyetsa mpheta?" Funsoli ndi la nzeru, sindilinyoza. Ku England anthu agula mbeu m'sitolo ndi kuzipacika m'zitini pa khomo, pakuti kumeneko cisanu cikwirira cakudya ca mbalame miyezi ingapo; ndipo kuyambira 1979 bungwe lao losamala mbalame, la RSPB, liitana anthu caka ndi caka, mwezi wa Januwale, kuti akhale ola limodzi kuwerenga mbalame zofika pa khomo pao. Awo ndi a ndalama, ndipo mdani wa mbalame zao ndi cisanu. Ife tikumbukira njala ya 2002, pamene gaga anali cakudya ca anthu, ndipo akulu amene atsala asimba ya 1949. Munthu wotapa m'nkhokwe kuti amwazire mpheta, ana ace ali ndi miyezi itatu yodikira dzungu, ameneyo ndi wosasamala banja. Koma cimene mbalame ya kuno isowa kwambiri si cimanga ai. Isowa madzi, isowa mtengo wokhalamo, ndipo isowa malo amodzi okha pamene mwala suuluka. Zitatu zonsezi sizicepetsa ufa wa munthu ngakhale ndi cipande cimodzi.

Za madzi musagule kanthu. M'nyumba iri yonse muli mphika wosweka, ndipo phale lace, lija amai akazingira cimanga kapena nthanga, ndilo mbale yoposa zonse. Dothi lisunga madzi ozizira, ndipo m'kati mwace ndi mokhakhala, motero zikhadabo za mbalame zigwira bwino. Beseni la pulasitiki literera, likhalanso lakuya, ndipo kambalame kakang'ono kakagweramo sikaturuka. Madzi asapitirire mfundo ziwiri za cala, ndipo pakati muikepo mwala wophwathalala woturukira pang'ono pamwamba pa madzi. Pa mwalapo pamatera tating'ono, pamateranso njuci, pakuti nazonso ziri ndi ludzu mwezi umenewu.

Phale langa liri pa mtengo wa mphanda zitatu umene ndinauzika pansi, kutalika kwace kulekeza m'cifuwa mwa munthu, kuti nkhuku, nkhumba ndi agalu zisafikepo. Liri pa mthunzi, mapazi atatu kapena anai kucokera pa citsamba. Mtunda umenewu uli ndi cifukwa cace. Mbalame yonyowa iuluka molemera, ndipo ifuna pothawira pafupi kabawi akatsika. Koma mukaika phale m'citsamba mwenimweni mwakonzera mphaka pobisalira. Ndipo musataye mtima masiku oyamba. Mbalame ziyamba zazonda kanthu kacilendo ziri patali, mwina sabata yathunthu, kufikira imodzi yolimba mtima italawa.

Kwa ine wolimba mtimayo ndiye pumbwa. Afika kusanace bwino ndi phokoso lace, amwa, asamba, namwaza theka la madzi pansi. Pambuyo pace zifika njiwa, ndipo apa pali cinthu cimene ndikupemphani mukacione ndi maso anu. Nkhuku ndi mbalame zambiri zitunga madzi ndi mlomo, ndi kukweza mutu kuti atsikire kukhosi. Koma njiwa imiza mlomo ndi kukoka madzi osakweza mutu, monga icitira ng'ombe. Ndinakula ndikudya njiwa, koma ici ndinaciona nditakalamba, nditakhala pansi kuziyang'ana. Dzuwa likakwera pafika timbalame ta mimba yobiriwira ngati thambo, tiwiritiwiri, mwamuna ndi mkazi wace. Pafika achete m'cigulu, okangana ngati anthu a pa mowa. Ndipo pa nthambi youma pamwamba pakhala nthengu, wakuda bii, wa mcira wa mphanda. Ameneyu ndiye mlonda wa pa bwalo. Ngakhale ali wamng'ono, akaona kabawi kapena khwangwala amlondola m'mwamba ndi kumjompha pamsana mpaka amturutse m'mudzi, ndipo anapiye a mkazi wanga apulumuka kangapo cifukwa ca mkuwo wace. M'dziko lathu la Malawi muli mitundu ya mbalame yokwana ngati 650. Pa phale langa lokha ndawerenga yoposa 20, ndipo ina sindinaionepo m'munda ngakhale kamodzi.

Tsono mverani bwino ici, pakuti apa ndipo pali ngozi. Madzi a dzulo atayidwe tsiku liri lonse, ndipo phale litsukidwe ndi mcenga ndi kuumikidwa pa dzuwa kawirikawiri. Udzudzu uikira mazira m'madzi odikha, ndipo m'nyengo yotentha papita masiku 7 kufikira 10 kuti dzira lisanduke udzudzu wouluka. Munthu woiwala phale lace aweta malungo pa khomo. Ndiponso pamene mbalame zambiri zimwera pamodzi, nthenda ya imodzi igwira zonse. Ku England komweko, kuyambira 2005, nthenda ya kukhosi inafalikira pa zodyera ndi zomwera zosatsuka, ndipo mbalame yao yobiriwira imene aicha greenfinch inacepa koposa theka. Anthu anazipha ndi cifundo cao comwe. Kwathu kuno mwezi wa ludzu ndiwonso mwezi wa citopa. Citopa ciyenda makamaka pakati pa nkhuku zokhazokha, ndipo cocichinga ndi katemera uja wodonthezera m'diso, koma si nzeru kuti nkhuku ndi mbalame za m'chire zimwere pamodzi. Comwera ca nkhuku cikhale kwina, phale kwina.

Za cakudya ndinena pang'ono, pakuti ndipereka pang'ono. Kale mbalame zinali ndi gawo lao pa mudzi popanda munthu kuganizako. Pamene amai ankasinja mu mtondo ndi kupeta m'licero m'mawa uli wonse, misere inkagwa pansi, ndipo mtondo ukangogonekedwa njiwa zinkatsika kudzatola. Lero cimanga cipita ku cigayo m'thumba ndi kubwera ufa, ndipo pa bwalo posesa sipagwa kanthu. Sindidandaula za cigayo, cinapumitsa misana ya amai athu; ndingonena kuti njiwa nazo zinataya munda wao. Cimene ine ndicita ndi ici: zosesa za pansi pa nkhokwe, zopeta za mawere, ndi mutu umodzi wa mpendadzuwa umene unabereka mopanda pace, ndiziika pa thandala m'mawa, dzanja limodzi lokha, kuti dzuwa likamapendeka zikhale zitatha. Cotsala usiku ndi ca makoswe, ndipo khoswe akazolowera thandala mawa ali m'nkhokwe. Papaya lophwanyika pogwa, kapena nthoci yodetsedwa, ndizibaya pa kamtengo, ndipo apumbwa azimaliza lisanalowe dzuwa. Cikuni codyedwa ndi ciswe ndicitembenuza ndi kucisiya; imeneyo ndi nyama ya mbalame, ndipo ciswe sitilira naco.

Cinthu cimodzi musapereke konse, ndico mtedza wa cuku. Mchinji ndi dziko la mtedza, ndipo posankha wogulitsa pamatsala wofota ndi wobiriwira m'kati, umene munthu aganiza kuti auponyere ziweto. M'cuku cimeneco muli ululu woononga ciwindi, wa munthu, wa nkhuku ndi wa mbalame yomwe. Umenewo ukwiriridwe. Zotsala za ndiwo za mcere nazonso si za mbalame.

Koma cakudya ceniceni ndi mtengo. Amene afuna kudziwa mmene dziko lino linaliri apite ku manda a mudzi wace. Kumeneko nkhwangwa siifika, ndipo mitengo ya makolo iri ciriri pakati pa minda yoyera mbee. Imani kunja kwa msituwo m'mawa, mudzamva mbalame zimene m'mudzi zinaleka kulira kalekale. Boma linapatula nkhalango ya m'mapiri a Mchinji m'caka ca 1924, koma kunsi kuno zigafa za fodya, uvuni wa njerwa ndi makala zadya mitengo yambiri, ndipo m'malo mwace tabzala bulugamu, amene apatsa milimo ndi nkhuni koma alibe cipatso ca mbalame. Ndiri mnyamata nkhulukulu, ya nthenga zofiira za pansi pa mapiko, inkalira m'mikuyu ya kudambo kwathu. Mikuyuyo inagwa, ndipo adzukulu anga aidziwa ndi dzina lokha.

Mwa mitengo yonse, woyamba kubzala ndi kacere. Safuna mbeu kapena nazale: mudula nthambi yonenepa ngati mkono, muizika pansi mvula ikayamba, ndipo iphuka. Tizipatso tace tating'ono tidyedwa ndi mbalame za mitundu yambiri, ndipo mthunzi wace ndi wa anthu omwe, monga adziwa onse amene anakhalapo pa bwalo la milandu. Koma mumtalikitse ku nyumba, ku citsime ndi ku cimbudzi, pakuti mizu yace ilondola madzi ndi kung'amba maziko. Msuku, mpoza ndi nthudza zikamera zokha m'mphepete mwa bwalo, khasu lizilambalale. Mabulosi akula msanga, ndipo zipatso zace ana agawana ndi apumbwa popanda mlandu. Coso, kambalame konyezimira ka mlomo wopindika, kafuna maluwa. Kafika pa duwa la nthoci ndi la papaya kudzamwa madzi ace otsekemera. Ndiponso musasese ponse. Ife tikonda bwalo loyera, ndipo ndi bwino cifukwa ca njoka. Koma ngodya imodzi ya kutali ndi khomo isiyidwe ndi udzu wace wa njere, ndipo nthambi youma imene siopsa denga isadulidwe, pakuti gogomole apeza mphutsi m'menemo ndi kuboola nyumba yace, imene mbalame zina zidzalowamo iye atacoka.

Tsono ndifike pa nkhani yobvuta, ya anyamata ndi malegeni ao. Ine sindidzaima pamaso pa mwana amene wadya nsima ya masamba okhaokha mwezi wathunthu ndi kumuuza kuti njiwa si ndiwo. Ndi ndiwo ndithu. Tonse tinapaka ulimbo pa timitengo, tonse tinachera diwa, ndipo amai athu anatiyamika pobwera ndi mpheta m'thumba. Koma phale la madzi m'mwezi wa Okutobala lisonkhanitsa mbalame za dera lonse pa malo amodzi, ndipo mnyamata mmodzi wa ulimbo akhoza kuzitha m'masiku atatu. Pamenepo mwini phale wakhala wochera msampha, wosiyana ndi anyamatawo pa kucenjera kokha. Cifukwa cace ndinaika lamulo, ndipo ndinayamba ndakamba ndi makolo a ana a pafupi, pakuti lamulo la munthu mmodzi pa ana a eni libala cidani. Lamulolo ndi lakuti m'kati mwa mpanda wanga legeni ikhala m'thumba. Za kuchire sindiweruza, kupatula kuwapempha kuti mbalame ya pa mazira ndi yonyamula cakudya kukamwa aileke, pakuti kupha imeneyo ndi kupha cisa conse.

Mnyamata wina wa zaka ngati 10 anandiyankha bwino lomwe. Anati, "Agogo, ndiye kuti mukuzinenepetsa kuti tikaziphere kudambo?" Ndinaseka, pakuti mbali ina ananena zoona. Koma ndinamkhazika pa mpando ndi kumpatsa nchito yondichulira dzina la iri yonse yotera pa phale. Anazidziwa zonse kundiposa ine, ndi kulira kwace, ndi kumene imanga. Palibe wodziwa mbalame ngati mwana wa legeni. Lero ndiye atsuka phale ine ndikapita ku maliro kapena ku msika, ndipo anzace amuopa iye koposa ine. Sindinena kuti analeka kusaka. Ndinena kuti pa khomo pano ndiye nthengu waciwiri. Ndipo si mwangozi kuti ndiwakumbutsa anawa za Fransisko Woyera wa ku Assisi, amene mbiri yace isimba kuti analalikira mbalame: tsiku lace, 4 Okutobala, ligwa pakati peni peni pa ludzu lathu, ndipo ndilo tsiku labwino loyambira kuika phale.

Wina adzafunsa kuti phindu lace nciani. Sindidzabisa kuti mbalame zina ndi mbala. Achete ndi mpheta zikagwa m'mapira ocha mwini alira, khwangwala afukula cimanga cobzala kumene, kabawi atenga mwanapiye. Kuingitsa mbalame m'munda wa mapira ndi nchito yoyenera, ndipo ine ndiicita. Koma mbalame zambiri, ngakhale zodya njere, zilera ana ao ndi mphutsi ndi tizirombo, ndipo nyengo imene zambiri ziswa ndiyo nyengo imene mbeu zathu ziri zanthete. Ku China m'caka ca 1958 boma linalamula kuti mpheta ziphedwe pamodzi ndi makoswe, nchenche ndi udzudzu, cifukwa zinkadya mpunga ndi tirigu. Anthu anaomba ng'oma ndi mapoto usana wonse kuti zisatere, mpaka zinagwa pansi ndi kutopa. Anaphwanya zisa ndi mazira. Pambuyo pace dzombe ndi tizirombo tina zinaculuka m'minda, ndipo m'1960 boma lomwelo linacotsa mpheta pa mndandanda ndi kuikapo nsikidzi. Njala yoopsa ya kumeneko ya 1959 kufikira 1961 inali ndi zifukwa zambiri, koma ici cinali cimodzi ca izo. Kwathu kuno, ciyambire kufika nchemberezandonda m'dzinja la 2016 ndi 2017, aliyense adziwa cimene mbozi icita pa cimanga. Mbalame sizingathe mbozi zimenezi, pakuti zibisala m'kati mwa nsonga. Musataye uphungu wa alangizi cifukwa ca phale. Koma m'dimba langa la mpiru ndi rabu ndiona timba akuyenda tsamba ndi tsamba m'mawa uli wonse, ndipo salipiritsa.

Palinso wanchito wina amene timlipira ndi miyala, ndiye kadzidzi. Akalira pa denga anthu agwidwa nthumanzi, nati watumidwa. Abale, cimene camuitana ndi makoswe a m'nkhokwe mwanu. Pitani pansi pa mtengo umene agona, mudzapeza timibulu ta ubweya timene alavula. Phwanyani kamodzi ndi kamtengo, muwerenge tizigaza ndi mano a makoswe ndi mbewa. Banja limodzi la akadzidzi litha makoswe mazana ambiri pa caka. Ndipo mankhwala a makoswe ogula pa msika apha iyenso, akadya khoswe wodya mankhwalawo, motero munthu atsala ndi makoswe opanda wowagwira.

Kugwirizana kwa munthu ndi mbalame ya m'chire si cinthu ca Azungu. Makolo athu ankatsata nsadzu kupita ku njuci, ndipo atafula ankamsiyira cisa ca phula pa mtengo. M'caka ca 2016 mai wina wophunzira za mbalame, Claire Spottiswoode, ndi anzace anafalitsa zimene anayesa pakati pa Ayao ofula njuci ku Niassa, m'dziko la Mozambique. Alenjewo ali ndi kaitanidwe kao, koliza lilime ndi kudzuma. Poyenda ndi mau ena wamba, njuci zinkapezeka maulendo 17 pa 100. Poyenda ndi kaitanidweko, maulendo 54 pa 100. Mbalame yosawetedwa, yosaphunzitsidwa ndi munthu, idziwa mau a anthu a kwao ndi kuwayankha.

Mvula yoyamba ikagwa, mu Novembala, phale licepa alendo, ndipo musadabwe nazo. Madzi ali ponse, inswa zituruka m'zulu madzulo, ndipo mbalame iri yonse, ngakhale njiwa ndi khwangwala, ikhuta mafuta. Pamenepo ndileka kumwaza zosesa, pakuti zikanyowa zicita cuku, ndipo phale ndilibvundikira kufikira Meyi. M'mlengalenga mudzaza anamzeze. Ena ndi a konkuno, aja omanga ndi dothi pansi pa khonde, ndipo cisa cao musacigwetse. Pansi pace ikanipo kabolodi kolandira zitosi. Koma ena, a pakhosi pofiira ndi mcira wautali, amene akhala m'mizere pa nthambo za magetsi za mu mseu wa ku Mwami, acokera ku Ulaya. Afika ca mu Okutobala, samanga zisa kuno, ndipo mu Epulo abwerera kukaswa kwao, ulendo wa makilomita zikwi zingapo, wodutsa cipululu ndi nyanja. Sabata yomweyo ya mvula yoyamba, nthaka ikafewa, ndiyo yozika nthambi ya kacere. Muichinge ndi minga cifukwa ca mbuzi.